Pa boti la masiku awiri kupita ku Luang Prabang: zimene ndinalakwitsa pa Mekong

Anandiuza kuti boti lochoka ku Huay Xai kupita ku Luang Prabang limanyamuka cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndiye ine ndinawerengera kuti ndikafika padoko hafu pasiti 10 ndiye kuti ndalawirira. Kuwerengera kumeneko kunandikhazika pafupi ndi injini kwa maola pafupifupi 7, ndipo kunandiwonongera tsiku loyamba mumzinda umene ndinaupitira.

Ulendowu ndi wa pamtsinje wa Mekong, kumpoto kwa dziko la Laos, mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Umatenga masiku awiri, ndipo usiku mumagona kumtunda pa tauni yaing'ono ya Pakbeng, chifukwa mtsinjewu uli ndi miyala yambiri ndipo maboti sayenda mumdima. Ine ndinayenda mu Novembala 2019, dola imodzi ya ku America ikusinthidwa ndi ma kip, ndalama za ku Laos, pafupifupi 8,800. Kuchokera nthawi imeneyo ndalama ya kip yagwa mphamvu kwambiri, moti mitengo ndikutchulayi muitenge ngati yongokupatsani chithunzi. Ya lero ndi yokwera.

Ndinagona ku Chiang Khong, mbali ya Thailand, ndipo ndinadzuka mosathamanga. Uku kunali kulakwa koyamba. Pamapu matauni awiriwa ndi oyang'anizana, mtsinje wokha pakati, koma mlatho wowolokera, umene unatsegulidwa mu Disembala 2013, uli makilomita pafupifupi 10 kumunsi. Ndiye mumakwera galimoto kupita kumlathoko, kudinditsa pasipoti yotulukira ku Thailand, kukwera basi yowolotsa anthu poti pamlathopo salola kuyenda pansi, kulemba mafomu a viza mbali ya Laos, kudikira dzina lanu, kenako kukwera tuk-tuk, kagalimoto ka mawilo atatu, kubwerera kumtunda mpaka padoko. Basi ndi tuk-tuk zonse zimayembekeza kudzadza zisananyamuke. Mukaphatikiza kudikira konseku, maola awiri kapena atatu amatha osadziwa. Fikani pamalire akangotsegula, kapena chabwino koposa, wolokani dzulo lake madzulo mukagone ku Huay Xai komweko.

Za viza, yambani mwafufuza musanagule tikiti ina iliyonse. Pasipoti za mayiko angapo, ambiri mwa iwo a mu Africa, sizipatsidwa viza pamalire, ndipo mwini wake amayenera kukaitenga ku ofesi ya kazembe asanafike. Amene amaloledwa kuitengera pamalirepo amafunika pasipoti yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, chithunzi chimodzi ndi madola. Nthawi imeneyo mtengo unali pakati pa madola 30 ndi 42 malinga ndi dziko lochokera. Madolawo akhale atsopano, osapindika kwambiri, osang'ambika, opanda inki. M'dziko lonselo ndalama yakunja yothaitha salandira. Imodzi mwa ndalama zanga za madola 20 inali ndi kang'ambi kakang'ono pakona, ndiye ndinalipira ndi ma baht a ku Thailand, ndipo pakusinthako ndinaluza pafupifupi madola 10. Cholembera khalani nacho chanu. Ndinataya mphindi zambiri kudikira cha munthu wina.

Padoko ndinafika mtima uli m'mwamba, nthawi itadutsa kale 11 koloko. Boti linali lisanachoke, ndipo silinachoke mpaka cha m'ma 12, koma mipando yabwino inali itatha kalekale. Ofesi ya matikiti ili pamtunda pang'ono, pachikwangwani pamalembedwa kuti slow boat, ndipo amafuna pasipoti polemba dzina. Ndinalipira 210,000 kip ya masiku onse awiri. Tikiti imeneyi ndi kapepala kopyapyala, koma isungeni pouma chifukwa mawa lake adzaifunanso. Pa tikitiyo panali nambala ya mpando. Musaidalire. Pamipando amayika timapepala ta manambala, koma timauluka ndi mphepo, ena amangotisuntha, ndipo wofika mochedwa sangayambe kukangana ndi boti lonse.

Botilo ndi lamatabwa, lalitali koma lopapatiza, la denga ndi m'mbali mosatseka. Polowa anatiuza kuvula nsapato n'kutipatsa timajumbo toikamo, choncho valani zosavuta kuvula. Mipando yake ndi yochotsedwa m'magalimoto akale, yongoyalidwa pansi osamangirira, ndiye wa kutsogolo kwanu akakankhira wake kumbuyo, mawondo anu ndiwo amalipira. Woyendetsa amakhala kutsogolo. Kumbuyo kuli kakauntala kogulitsa zakudya, chimbudzi, kenako injini ya dizilo yaikulu ngati ya lole, yosavindikira, ndipo kuseri kwake kumakhala banja la eni boti ndi miphika yawo. Ine anandilozera kumeneko, pamkeka, pakati pa matumba a mpunga ndi zikwama.

Phokoso lake silofotokozeka. Munthu wokhala naye phewa ndi phewa mumalankhulana ndi manja. Pansi pamanjenjemera mpaka mano, utsi umabwerera mkati mphepo ikatembenuka, ndipo pofika ola lachitatu mutu unali ukuwawa ngati wina akuukhoma. Mankhwala a mutu ndinali nawo, tochi ndinali nayo, juzi ndinali nayo, koma zonse zinali m'chikwama chachikulu chimene anachilandira polowa n'kuchiika pansi pa zikwama za anthu ena makumimakumi. Zikwama zikuluzikulu zimalowa pansi pa matabwa kapena kuunjikidwa kumbuyo, ndipo simuzionanso mpaka madzulo. Konzeranitu kachikwama kam'manja: pasipoti, ndalama, tikiti, mankhwala, madzi malita awiri, chakudya, juzi, tochi, pawabanki, pepala la kuchimbudzi, mafuta othamangitsa udzudzu, ndi zotseka m'makutu. Ine ndinang'amba tishu n'kufwinya m'makutu. Zinathandiza pang'ono chabe.

Chakudya cha m'boti ndi manudozi othira madzi otentha, makirisipi, khofi ndi mowa wa Beerlao, pa mtengo wokwera kuposa kumtunda. Pamsewu wotsikira kudoko amayi amagulitsa buledi wautali woikamo mazira, nyama kapena masamba, chizolowezi chimene chinatsala kuchokera nthawi ya ulamuliro wa France. Gulani awiri, ndi nthochi. Ine poopa kusiyidwa ndinangodutsa, ndipo tsiku lonse ndinadya kapu imodzi ya manudozi.

Tisananyamuke, bambo wina wovala bwino anaima pakati pa boti n'kulengeza kuti ku Pakbeng malo ogona ndi ochepa, tikafika kutada, ndipo wosalipiriratu agona panja. Anali ndi zithunzi za zipinda zokongola. Ndi kutopa ndi mantha ndinalipira pomwepo. Safunsa anadya phula. Titafika ndinapeza anyamata ambiri padoko atanyamula zikwangwani za malo ogona, akulimbirana alendo, ndipo anzanga amene anakaona okha zipinda anapeza zabwino kuposa changa pa theka la mtengo. Changa chinalibe madzi otentha amene analonjezedwa. Pakbeng ndi tauni yodalira maboti amenewa, msewu wake waukulu ndi wa nyumba zogona alendo ndi malo odyera. Mu Disembala ndi Januwale, alendo akachuluka, kusungitsiratu malo n'kwanzeru, koma sungitsani nokha pa intaneti mutawerenga zimene ena anena, osati kwa munthu wokuopsezani m'boti.

Poyamba mtsinje ndiwo malire, Thailand kudzanja lamanja, Laos kumanzere, kenako umakhotera mkati mwa Laos n'kulowa m'mapiri. Ndinaona zimenezi kudzera pakawindo ka kuseri kwa injini. Boti limaima m'midzi yambiri yopanda doko: limangogunda mphuno pamchenga, aponya thabwa, atsitsa matumba, wina akweza njinga yamoto, ulendo upitirira. Kuima kulikonse kumadya mphindi zingapo, n'chifukwa chake nthawi yofikira palibe angakulonjezeni.

Tinafika ku Pakbeng chisisira chitagwa. Apa m'pamene tochi imafunika. Gombe ndi lotsetsereka, zikwama amazitulutsa mumdima n'kuziunjika, ndipo zambiri n'zofanana. Mangani kansalu kowala pa chanu. Alipo amene amathamangira kukunyamulirani chikwama, ndipo si zaulere. Gwirizanani mtengo asanachikhudze, apo ayi chigwireni nokha. Ndalama za kip tapiranitu ku Huay Xai, chifukwa makina a ATM a m'tauni yaing'ono ngati iyi si oti n'kuikapo moyo.

Usiku umenewo ndinagona makutu akulira, ndili wokwiya ndi aliyense, koma makamaka ndi ine mwini. Ndinaganizapo zosiya boti n'kufufuza basi. Chimene chinandibweza ndi mayi wa pamalo odyera amene, ndikulipira, anandifunsa ngati ndikufuna andikonzeretu buledi wa mawa, n'kundiuza ndi zala kuti nditsikire kudoko hafu pasiti 7, ngakhale boti limachoka cha m'ma 9.

Tsiku lachiwiri manambala a mipando kulibe, wofika msanga ndiye amasankha. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Boti likhoza kukhala lina, osati la dzulo lija. Ndiponso m'mawa womwewo padokopo pamanyamuka maboti olowera mbali zonse ziwiri, lina kubwerera ku Huay Xai, lina kutsikira ku Luang Prabang, ndipo amaima moyandikana. Funsani, funsaninso, musanavule nsapato. Ndinakhala chakutsogolo, mbali ya kumanja, ndipo kumeneko injini imangomveka ngati mkonono wa munthu wa chipinda china. Mpando wa kutsogolo kwenikweni nawo si wabwino, poti ndi polowera ndi potulukira anthu ndi katundu.

Chimene sindinayembekeze ndi kuzizira. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale m'mawa mtsinje umakutidwa ndi nkhungu, ndipo boti likathamanga mphepo imalowa mbali zonse. Anthu ovala makabudula anadzifunditsa mataulo mpaka cha m'ma 11 dzuwa litatentha. Juzi ndi masokosi zinandipulumutsa. Nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala, madzi amachuluka ndipo amathamanga, atanyamula zitsa ndi mitengo. Mu Malichi ndi Epulo madzi amaphwera, miyala imatuluka, ndipo utsi wa moto wotentha minda umaphimba mapiri onse. Kwa ine miyezi yozizirayi ndiyo yabwino, bola mwavala.

Nditakhala pabwino m'pamene ndinaona ntchito ya woyendetsa. Madzi a Mekong ndi ofiirira, pansi sipaoneka, ndipo pena amazungulira ngati phala likubwata. Iye amawerenga makwinya a pamwamba pa madzi, akhotetsa boti lalitali lija pakati pa miyala iwiri yakuda, ife kungoti phee. M'mbali muli njati zam'madzi zitagona m'matope, minda ya pamchenga, misampha ya nsomba yomangidwa pansungwi. Nthawi ndi nthawi kumadutsa timaboti taliwiro, okwera atavala zipewa za njinga yamoto. Timeneti timatha ulendo wonse tsiku limodzi, koma zipewazo zikuuzeni zonse. Pamtsinje wa miyala chotere ine sindingakwere.

Chakumadzulo, kutatsala makilomita pafupifupi 25, yang'anani kumanja. Pathanthwe lalitali moyang'anizana ndi pamene mtsinje wa Nam Ou umathira mu Mekong pali masitepe oyera olowa m'phanga. Amenewo ndi mapanga a Pak Ou, mmene muli zifanizo za Buddha masauzande zimene anthu akhala akusiyamo kwa zaka mazanamazana. Boti la anthu wamba siliima pamenepo, mumangoona podutsa.

Ine m'maganizo mwanga ndinkaona boti likukocheza pakati pa mzinda, akachisi akunyezimira pagombe. Sizitero. Limakutsitsani padoko la makilomita pafupifupi 10 mzinda usanafike, pamalo opanda chilichonse koma masitepe otsetsereka ndi kaofesi. Alendo ena anakana kutsika poganiza kuti akuberedwa, ndipo tinataya nthawi pachabe, chifukwa ndi mmene zakhalira kwa zaka zambiri. Pakaofesipo mumagula tikiti ya tuk-tuk, nthawi imeneyo 20,000 kip munthu mmodzi, n'kukakutsitsani pakati pa tauni. Lembani dzina la malo anu ogona papepala, ndipo sungani mapu m'foni muli pa intaneti. Tinayenda maola pafupifupi 8 tsiku limenelo, ndipo ndinalowa mumzinda kutada.

Apa m'pamene kulakwa kwanga kwachiwiri kwakukulu kunaonekera. Powerengera masiku ndinalemba kuti ndikhala ku Luang Prabang masiku awiri, osazindikira kuti loyambalo ndi la m'boti. Ndinali nditagula kale tikiti ya basi ya ku Vientiane, likulu la Laos, moti ndinatsala ndi tsiku limodzi lokha lathunthu, thupi lili lophwanyika. Luang Prabang ndi mzinda wa m'mawa. Amonke a chipembedzo cha Buddha amayenda m'misewu kulandira chakudya kusanache bwino, msika wa m'mawa umatha dzuwa likakwera, ndipo usiku malo ambiri amatseka pakati pa usiku pasanafike. Ine ndinadzuka 9 koloko.

Ndinathamangira kunyumba yachifumu, imene inayamba kumangidwa mu 1904 kuti muzikhala Mfumu Sisavang Vong, ndipo inasanduka yosungiramo zinthu zakale ufumu utathetsedwa mu 1975. Ndinafika nditavala kabudula wosafika m'mawondo, nthawi itadutsa 11 koloko. Pamafunika kubisa mapewa ndi mawondo, kuvula nsapato, kusiya zikwama m'malo osungira, ndipo mkati sajambula. Amatsekanso masana, kuyambira hafu pasiti 11 mpaka hafu pasiti 1. Ndinabwerera pageti. Mwa kupsa mtima ndinawoloka msewu n'kuyamba kukwera phiri la Phousi, masitepe 328, dzuwa lili paliwombo, madzi theka la botolo. Ndinafika pamwamba thukuta lili kamukamu, miyendo ikunjenjemera, ndipo ndinakhala pamthunzi pafupi ndi chipilala chagolide cha That Chomsi osafunanso kuona kanthu. Pamenepo ndinavomera kuti tikiti ya basi ija, ya ndalama cha m'ma 150,000 kip, ingotayika. Sanandibwezere, ndipo sindinayembekeze kuti atero. Ndinawonjezera masiku atatu.

Kuchokera pamwambapo m'pamene mzinda umamveka bwino. Mbali yakale ili pakamtunda kopapatiza pakati pa Mekong ndi mtsinje wa Nam Khan, ndipo yonse mukhoza kuiyenda pansi. Unali likulu la ufumu wa Lan Xang umene Fa Ngum anakhazikitsa mu 1353, mpaka Mfumu Setthathirath atasamutsira likulu ku Vientiane m'zaka za m'ma 1560. Dzina la mzinda limachokera ku Phra Bang, chifanizo cha Buddha chotalika masentimita 83 chimene chimasungidwa m'kachisi wa m'bwalo la nyumba yachifumu. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika mzindawu pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1995, n'chifukwa chake nyumba zamatabwa zachi Lao ndi zanjerwa za nthawi ya France zikadali chiimire moyandikana. Phirilo kwerani m'mawa kwambiri. Madzulo n'kozizira bwino, koma anthu odzaona kulowa kwa dzuwa amadzadza mpaka kusowa poponda. Pokwera ndinalipira 20,000 kip, ndipo kunyumba yachifumu, nditabwerera mawa lake ndi buluku lalitali, 30,000.

Mwambo wa m'mawa, umene eni ake amati tak bat, umachitika cha m'ma hafu pasiti 5 mpaka 6 koloko, malinga ndi nyengo. Amonke ovala nsalu za mtundu wa lalanje amayenda pamzere opanda nsapato, osalankhula, ndipo anthu okhala pansi amaponya kambamu ka mpunga womata m'mbale ya aliyense. Ndi kupembedza kwa anthu, si chionetsero. Ngati simukupereka, imani tsidya lina la msewu, musayatse kuwala kwa kamera, musadule mzere, musawatsatire. Wopereka amavula nsapato n'kukhala pansi kuti mutu wake usapitirire wa amonke, ndipo mayi sakhudza mmonke ngakhale nsalu yake. Mpunga wogulitsidwa mokakamiza pamsewu nthawi zambiri si wabwino, ndi bwino kupempha a pamalo anu ogona akuphikireni. Pamsewu waukulu alendo amachita phokoso ndi kukankhana, moti ndinachita manyazi kukhala mmodzi wa iwo. Tsiku lotsatira ndinakaima pakamsewu ka kumbali, ndipo ndinkangomva mapazi okha.

Pa akachisi onse, amene sindingakuuzeni kuti mumudumphe ndi Wat Xieng Thong, chakunsonga kwa kamtunda kaja, womangidwa ndi Setthathirath cha m'ma 1560. Denga lake ndi losanjikizana, lotsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi, ndipo pakhoma la kumbuyo pali chithunzi cha mtengo chopangidwa ndi timagalasi tamitundumitundu. Mu 1887 gulu lankhondo la Black Flag litatentha mzindawu, kachisiyu anapulumuka. M'bwalo lomwelo muli ngolo yagolide ya maliro a Mfumu Sisavang Vong, amene anamwalira mu 1959. Mathithi a Kuang Si ali makilomita pafupifupi 30 kunja kwa mzinda ndipo amafuna theka la tsiku. Pitani m'mawa magulu asanafike, ndipo polowera mudzadutsa malo osungira zimbalangondo zopulumutsidwa kwa opha nyama mozemba. Udzudzu wofalitsa matenda a dengue umaluma masana, choncho mafuta aja dzolani ngakhale dzuwa likuwala.

Kuyambira Disembala 2021 kuli sitima ya panjanji yodutsa ku Luang Prabang, ndiye potuluka simukufunikanso kupirira basi ya m'mapiri ngati kale. Ma kip otsala asintheni musanachoke m'dzikolo, chifukwa kunja n'kovuta kupeza owalandira.

Madzulo a tsiku lomaliza ndinatsikira kugombe kuseri kwa nyumba yachifumu, pamene pamakocheza pantoni yowolotsa anthu ndi njinga zamoto kupita kumudzi wa Xieng Maen, tsidya lina la Mekong. Imatenga mphindi zochepa, mtengo wake unali wochepa kuposa wa kapu ya khofi, ndipo imanyamuka ikadzadza. Funsani nthawi ya yomaliza musanatsike tsidya linalo. Pobwerera ndinaima kutsogolo, pakati pa mayi wa madengu a masamba ndi mnyamata wa njinga yamoto, ndipo mzinda unabwera pang'onopang'ono kuchokera m'mitengo, chipilala cha pa Phousi pamwamba, ndi chakumanzere uko masitepe aakulu a Wat Xieng Thong otsikira m'madzi, pamene alendo akale ankatsikira akabwera pamtsinje.